Kope la kalabu ya sayansi: kuchokera chilimwe mpaka mvula kusiya

Sepitembala, sabata yachiwiri ya teremu

Tayamba. Ahedi atipatsa chipinda cha sitandade 6 Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse ana akaweruka, ndipo komiti ya sukulu yavomera kuti kamalo kali kuseri kwa ofesi kakhale munda wathu woyeserera zinthu. Ndinkafuna ana 30 a sitandade 5 ndi 6. Abwera 47, ndipo sindinabweze aliyense.

Ndilembe chifukwa chake pano, kuti tsiku lotopa ndidzabwerere pa tsamba lino. Mwana akafika sitandade 5 amapeza buku la sayansi lili m'Chingerezi chokhachokha, ndipo amadziwa kuti mayeso a MANEB a sitandade 8 adzamufunsanso m'Chingerezi. Ndiye amaloweza. Amatha kulemba evaporation osaphonya chilembo, koma ukamufunsa kumene madzi a pa zovala zoyanika apita amangokanda pansi ndi chala chakuphazi. Si umbuli ayi. Mwana yemweyo amadziwa bwino kuti matemba amauma msanga tsiku la mphepo kusiyana ndi tsiku lachinyezi. Zimene amadziwa kunyumba ndi zimene waloweza kusukulu zili m'makomo awiri osayenderana, ndipo ntchito ya kalabuyi ndi kulambula kanjira pakati pake.

Tiphunzira za madzi, kutentha, dzuwa, mvula, nthaka ndi magetsi, motsatira nyengo osati motsatira masamba a buku. Tizilankhula Chichewa, dzina lachingerezi lizibwera chinthucho tikachiona kale ndi maso. Lamulo ndi limodzi, ndalilemba pamwamba pa bolodi ndipo ndauza osesa kuti asalifute: "Wadziwa bwanji?" Aliyense wonena chinthu, ngakhale ine, akhoza kufunsidwa funsoli.

Zipangizo zathu ndi mabotolo apulasitiki, zitini, marula 6, sikelo yobwereka kwa mayi wina wogulitsa mpunga, ndi themometa imodzi imene aphunzitsi a kusekondale yoyandikana nafe atikongoza. Ku koleji ya uphunzitsi ankatiuza za TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Pano ndi pomwe ndikuyigwiritsadi ntchito.

Sepitembala, sabata yomaliza

Mnyamata wina amene bambo ake amasodza ku Kachulu watibweretsera botolo la madzi a m'nyanja ya Chilwa. Tinathira madziwo m'mbale imodzi, a pamjigo m'mbale ina, muyeso wofanana, n'kuziyika padenga la khitchini. Ana ankafuna yankho tsiku lomwelo. Ndinawakumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Patatha masiku atatu mbale zonse zinali zouma, koma ya madzi a m'nyanja inali ndi fumbi loyera pansi pake, lochuluka kuposa la inzake. Analawa ndi nsonga ya chala: mchere.

Kuchokera pamenepo phunziro linadziyendetsa lokha. Tinajambula nyanjayi pansi ndi kamtengo, n'kuika mitsinje imene imathiramo: Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe. Ndinapempha kuti wina ajambule mtsinje wotulutsa madzi. Anafunafuna, anatsutsana, kenako anavomerezana kuti palibe. Nyanja ya Malawi ili ndi Shire wotulutsa madzi ku Mangochi, koma Chilwa alibe khomo. Madzi ake amachoka ngati a m'mbale yathu, kukwera m'mwamba, n'kusiya mchere. N'chifukwa chake amamveka mchere pakamwa, ndipo poti nyanjayi ndi yosaya, mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka, mabwato ali gada pamtunda. Ena mwa anawa anali makanda nthawi imeneyo, koma nkhani yake amaimva kwa makolo.

Tinafika pa funso loti nthunzi ingabwererenso bwanji kukhala madzi. Ndinali nditakonza ketulo ndi chivundikiro chozizira, koma mtsikana wina ananditsogolera: "Aphunzitsi, ndi mmene amatchezera kachasu." Anzake anaseka, iye n'kuchita manyazi. Ndinamuuza kuti wanena zoona, ndipo anafotokoza bwino lomwe za mphika, mpope ndi madzi ozizira amene mpopewo umadutsamo. Za kuipa kwa mowa tinanenako pang'ono. Koma condensation yalowa m'mitu lero kudzera pa chinthu chimene mwanayu amachiona pakhomo.

Okutobala, sabata yachiwiri

Tafesa msangu, mthethe ndi gilirisidiya m'machubu opangidwa ndi mapaketi a shuga. Gulu lililonse lili ndi mzere wake ndi tsiku lake lothirira. Mjigo uli patali pang'ono, ndiye ndapempha kuti madzi osambira m'manja asatayidwe, azipita kunazale.

Okutobala, sabata yachitatu ndi yachinayi

Kunja kwatentha zedi, ndiye tagwiritsa ntchito kutenthako. Zitini ziwiri, china chopakidwa mwaye china laimu, madzi ofanana, padzuwa kwa ola limodzi. Chakuda chinatentha kwambiri. Izi sizinadabwitse aliyense, onse amadziwa kuwawa kwa malaya akuda mu Okutobala.

Chimene chinadzutsa mkangano ndi kuwira kwa madzi. Buku likuti madzi amawira pa madigiri 100. Ife tinawiritsa, tinaviika themometa, inaima pa 98. Tinasonkhezera moto, madzi anabwata mwamphamvu, koma themometa sinasunthe. Ana anagawikana: ena akuti themometa ndi yakufa, ena akuti buku lanama, mmodzi akuti madzi a pamjigo wathu ndi ofooka. Sindinafulumire kuyankha. Ndinawasiya akangane mpaka nthawi itatha, n'kuwauza kuti akaganizire kunyumba.

Lachinayi ndinafotokoza. Madigiri 100 ndi a malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, monga ku Beira. Ife kuno kuchigwa cha Chilwa tili pamwamba ndi mamita opitirira 600. Ukamakwera, mpweya wopsinja pamwamba pa madzi umachepa, ndiye madzi amawira asanafike 100. Pamwamba penipeni pa phiri la Zomba, pamene papitirira mamita 2,000, amawira cha pa 93, ndipo nyemba zimachedwa kupsa kumeneko ngakhale mphika ukubwata. Buku silinaname, themometa sinaname, koma buku silinanene kuti likulankhula lili pati. Ndinaona ana angapo akulemba 98 m'makope mwawo monyadira, ngati nambala yawoyawo.

Tinayesanso mbaula ya Chitetezo ndi mafuwa atatu kuti tione chodya nkhuni zambiri. Ulendo woyamba tinalakwitsa. Gulu lina linatenga poto wamkulu, lina wamng'ono, ndipo a mafuwa ankakupiza moto ndi chivundikiro chifukwa ankafuna kupambana. Zotsatira zake tinazitaya. Tinagwirizana kuti poyesa chinthu usinthe chimodzi chokha, zina zonse zifanane: poto yemweyo, malita awiri a madzi, nkhuni za mtengo umodzi zoyezedwa pasikelo tisanayatse ndiponso titazimitsa. Tinabwereza katatu. Maulendo onse atatu mbaula inasiya nkhuni zambiri. Kulakwitsa kuja kwatiphunzitsa zambiri kuposa mbaula yomwe, ndipo sindidzakudumpha ndi gulu lina lililonse.

Novembala, sabata yoyamba

Iyi ndi sabata imene ndakhala ndikuidikira. Kuyambira kumayambiriro a Okutobala tinazika mtengo wowongoka pabwalo, tinauwongola ndi mwala womangidwa pachingwe, ndipo ahedi analola ana awiri kutuluka m'kalasi chapamasana tsiku lililonse kukayeza chithunzithunzi chake pamene chafupikitsitsa. Chinkaloza kummwera, ndipo sabata iliyonse chinkafupikirafupikira. Ndinawafunsa kuti chidzatha liti. Anajambula mzere wa manambala awo papepala la magirafu n'kuupitiriza ndi rula, ndipo unakagwera kumayambiriro a Novembala.

Kuno kwathu, pa madigiri 15 ndi pang'ono kummwera kwa ikweta, dzuwa limafika paliwombo penipeni cha pa 4 Novembala, kenako cha pa 7 Febuluwale pobwerera. Masiku amenewo chinthu choima chilili chimasowa chithunzithunzi kwa mphindi zochepa. Tinatuluka tonse, ndipo makalasi ena anatitsatira. Tinaimika mabotolo, ndowa, mipini ya makasu. Nthawi itangopitirira 11:20, zithunzithunzi zonse zinalowa pansi pa eni ake. Bwalo linati zii. Kamwana kena ka sitandade 2 kanayamba kulira poti kanamva kuti wopanda chithunzithunzi ndi mzukwa, ndiye mkulu wake, amene ali m'kalabu, anakauza kuti kadumphe. Kanadumpha, n'kuona chithunzithunzi chake chili pansi pa mapazi.

Funso labwino linachokera kwa aphunzitsi anzanga a sitandade 7: bwanji dzuwa lafika paliwombo 12 koloko isanakwane? Wotchi yathu ndi yofanana ndi ya Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, ndipo inatcheredwa pa mzere wa madigiri 30 kummawa. Ife tili kupitirira madigiri 35, ndiye dzuwa limatipeza msanga ndi mphindi zoposa 20. Mphindi zinazo zimabwera chifukwa masana a dzuwa amatsogola kapena kutsalira pang'ono malinga ndi mwezi, ndipo Novembala ndi pamene amatsogola kwambiri. Gawo lachiwirili ndi lolemera kwa ana a sitandade 5, sindinalikakamize.

Sabata ikubwerayi chithunzithunzi chiyamba kuloza kumpoto. Sindinawauze. Akadzaona okha.

Novembala, sabata yomaliza

Aona. Anabwera akuthamanga kuofesi.

Chizimalupsa chinagwa tisanakonzeke, koma tsopano choyezera mvula chaima. Ndi botolo la malita awiri la mbali zowongoka, lodulidwa pakhosi, mutu wake wozondotsedwa kukhala fanulo. Pansi pake panali mabampu, ndiye tinathirapo simenti pang'ono kuti pasalale, n'kumata chidutswa cha rula kuyambira pamenepo. Botolo loyamba linagwetsedwa ndi mbuzi. Lachiwiri linasowa usiku. Lachitatu talimanga pamtengo wozikika pafupi ndi nyumba ya mlonda, kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo a mfumu analengeza pamsonkhano kuti botololo ndi la ana asukulu. Timawerenga 8 koloko mmawa, kulemba, n'kukhuthula.

Mawu oti mamilimita a mvula ana amawamva pawailesi, a zanyengo akamalengeza, koma sankawatanthauzira kanthu. Tinajambula bwalo la mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi pasimenti. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pabwalo limenelo. Mamilimita 20 ndi ndowa yathunthu ya malita 20. Kenako tinayeza chipinda chathu: mamita 8 ndi 7, kutanthauza timabwalo 56. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa, denga lathu lokha limatsitsa malita 1,120, ndowa 56. Atsikana, amene ndiwo amasenza ndowa kuchokera kumjigo, anawerengeranso kawiri osakhulupirira. Mmodzi anafunsa kumene madzi onsewo amapita. Tinatuluka kukaona chigwembe chimene chikudya khonde la sitandade 3.

Disembala

Mphenzi inagwa pamtengo wa bulugamu m'mudzi woyandikana nafe ndipo inapha ng'ombe. Ana anabwera ndi nkhani zambiri: yatumizidwa ndi munthu, imatsata zovala zofiira, ili ndi mwini wake. Ndinasiya phunziro limene ndinakonza.

Tinapukuta rula yapulasitiki patsitsi n'kunyamula nayo tizidutswa ta pepala. Chifukwa cha chinyezi inagwira mofooka, komabe tizidutswa tinadumpha. Ndinafotokoza kuti m'mitambo ya mvula madontho ndi timatalala zimakhulana chonchi, magetsi n'kuunjikana mpaka atadumpha, ndipo podumphira pansi amakonda chinthu chachitali choima pachokha. Kenako tinaphunzira kuwerenga. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Ukaona ching'aning'ani, werenga mpaka bingu limveke: masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Madzulo omwewo kunachita mabingu, ndipo mawa lake aliyense anali ndi nambala yake.

Patapita masiku awiri kunabwera bambo wina, kholo la mmodzi wa ana. Anakhala pansi, tinalonjerana, kenako anati: "Aphunzitsi, mwana wanga akuti akuluakulu amanama pa za mphenzi. Ndi zimene mukuwaphunzitsa?" Ndinawayankha kuti: "Bambo, pepani ngati mawu afika choncho. Ine sindinanyoze akuluakulu, ndipo mwanayo ndilankhula naye za ulemu. Chimene ndikufuna n'chakuti mvula ya mabingu ikamupeza akudyetsa mbuzi, asathawire pansi pa mtengo wautali, asaime pakati pa dambo, ndipo akakhala m'madzi atuluke. Pamenepo tikugwirizana?" Anati pamenepo palibe mlandu. Tinacheza nthawi yaitali, ndipo pochoka anapempha kuona botolo la mvula.

Ndaganizira kwambiri za kuchezaku. "Wadziwa bwanji?" ndi funso lakuthwa, ndipo mwana wa zaka 11 akhoza kulitenga ngati mpeni wolasira agogo ake. Ndauza kalabu kuti funsoli limayamba ndi iwe mwini, ndipo kwa wamkulu umalifunsa utagwada, pofuna kuphunzira.

Pa tchuthi ana anayi okhala pafupi agawana masiku owerenga mvula.

Januwale, sabata yachitatu

Kope la mvula labwerera lopanda tsiku lodumphidwa, ngakhale pa Khirisimasi. Koma ana achepa, tsiku lina anabwera 22 okha. Ena akupalira, ena mtsinje ukadzaza sawoloka, ndipo ambiri sangathe kutsala masana m'mimba muli pululu. Ino ndi miyezi ya njala. Amayi ophika phala avomera kutisungirako pang'ono masiku a kalabu. Sizithetsa vuto lonse, koma Lachinayi tinakwana 31.

Za nthaka tinayesa ndi zigubu zitatu zodulidwa chamlitali, zodzazidwa dothi la m'munda umodzi, zotsamiritsidwa pa njerwa mofanana. M'choyamba mizere yotsetsereka, m'chachiwiri mizere yopingasa, m'chachitatu mizere yopingasa yophimbidwa ndi mapesi. Keni imodzi ya madzi pa chilichonse, botolo kumunsi kolandirira. Botolo loyamba linadzaza msanga ndi madzi ofiira ngati thobwa. Lachiwiri linachedwa. Lachitatu linalandira madzi ochepa, otuwa pang'ono chabe. Tinawasiya adikhe, ndipo matope a pansi tinawayeza ndi rula. Sabata yomweyo tinabzala udzu wa vetiva mopingasa pamwamba pa chigwembe cha kukhonde chija.

Pokambirana, wina anatchula namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'mapiri ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kukwirira nyumba ndi anthu. M'kalabu muli mtsikana amene banja lake linasamukira kuno kuchokera ku Phalombe chaka chimenecho. Anaweramitsa mutu. Mnyamata wina anati anthu a kumeneko anadziputira okha podula mitengo. Ndinamuimitsa pomwepo. Mitengo ndi udzu zimagwira nthaka, zigubu zathu zasonyeza. Koma mvula yogwa masiku angapo osaleka paphiri lotsetsereka ikhoza kugumula ngakhale malo a nkhalango, ndipo palibe chigubu chimene chingatipatse ufulu woloza chala anthu oferedwa. Titaweruka ndinakhala naye mtsikanayo pakhonde. Sanalankhule zambiri. Anangopempha kuti akhale m'gulu lowerenga mvula, ndipo ndamuika.

Mbande tawokera, poti ino ndi nyengo yobzala mitengo imene imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo. Gilirisidiya anamera bwino, msangu unavuta. Tagwirizana kuti nambala imene tidzalengeze si ya mitengo yobzalidwa koma ya imene idzakhale ili moyo mu Okutobala.

Febuluwale

Pa 7 kunali mitambo tsiku lonse, chimodzimodzi masiku awiri otsatira. Dzuwa la paliwombo lachiwiri latidutsa osaliona. Ana analemba m'kope kuti "sitinathe kuyeza, mitambo," ndipo ndinawayamikira kuti sanapeke nambala.

Sefa ya madzi tinaipanga ndi botolo lozondotsa: nsalu kukamwa, makala osinja, mchenga, timiyala pamwamba. Tinathira madzi a m'chithaphwi, anatuluka oyera mbee. Mnyamata wina anatenga kapu kuti amwe. Ndinamugwira dzanja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sefa imachotsa matope, koma tizilombo toyambitsa kolera ndi tating'ono kwambiri moti timadutsa mumchenga. Mliri waukulu wa kolera wa 2022 ndi 2023 unayambira ku Machinga, boma loyandikana nafe, n'kufalikira dziko lonse, ndipo anawa akuukumbukira. Ndinaitana alangizi a zaumoyo a m'dera lathu, amene anasonyeza kathiridwe ka kulorini ndi kudikira mphindi 30 madzi asanamwedwe. Ndikadzabwereza phunziroli ndidzayamba ndi alangiziwo, sefa pambuyo, chifukwa madzi oyera aja amakopa kwambiri.

Tsiku lokoma koposa mwezi uno linali la agogo. Ndinapempha agogo a mwana wina kuti adzationetse kachezedwe ka chidulo. Anabwera ndi phulusa la zitsononkho, kachitini koboola pansi ndi mbale yolandirira. Poyamba ankakana kuima kutsogolo, akuti iwo sukulu sanapiteko. Ndinati: "Agogo, lero aphunzitsi ndinu, ine ndikhala pabenchi." Anacheza chidulo chawo akufotokoza phulusa labwino ndi loipa, ndi chifukwa chake therere lothira chidulo limafewa msanga.

Kenako tinaviika chidede chouma m'madzi otentha mpaka madzi atafiira, n'kuwagawa m'makapu. M'kapu ina tinafinyira ndimu, ina bwemba, ina malambe: zonse zinafiira mowala. M'kapu ina tinathira chidulo cha agogo. Madzi anasanduka obiriwira modera. Agogo anaombera m'manja, akuti zaka zonsezi akhala akuphika chidede ndi chidulo koma izi sanazione. Soda ndi madzi a sopo zinachita ngati chidulo. Ana anaika zinthu m'magulu awiri okha popanda ine kuwauza, zowawasa uku, za mtundu wa chidulo uko, ndipo pamenepo m'pamene ndinalemba acid ndi base pabolodi. Pomaliza tinasakaniza ndimu ndi soda m'botolo, thovu linakwera, ndipo machesi oyaka titawalowetsa kukamwa kwa botolo anazima. Dzina la mpweya umenewo, carbon dioxide, ena anali ataliloweza kale chaka chatha osaudziwa.

Malichi

Magetsi. Mabatire a tochi, mababu ang'onoang'ono, mawaya ochokera muwailesi yakufa. Tinayesa zimene zimadutsitsa magetsi ndi zimene sizidutsitsa: msomali, supuni, mphira, chikuni, mtima wa pensulo. Tsiku loyamba ndinaona kuti mawaya onse ali m'manja mwa anyamata, atsikana akungolemba. Palibe anawauza kutero, zinangochitika. Lachinayi ndinagawa magulu a atsikana okhaokha ndi anyamata okhaokha, ndipo gulu loyamba kuyatsa mababu awiri pa batire imodzi linali la atsikana. Sabata yotsatira ndinawasakanizanso, ndipo palibe mtsikana analola kulandidwa waya.

Wokonza njinga wa pamsika anatibwereka dayinamo yakale. Tinatembenuza njinga miyendo m'mwamba, wina akupukusa pedulo, babu n'kuyaka. Tinatsegula ina yakufa n'kupeza maginito ndi waya wokulungidwa. Ndinawauza za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene atasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002 anapanga makina oyendera mphepo ndi zidutswa za njinga ndi dayinamo, n'kuyatsa magetsi kunyumba kwawo ali ndi zaka 14. Ndinawauzanso kuti ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira kuli zinthu za mtundu womwewu koma zazikulu, zopukusidwa ndi madzi a Shire, ndipo namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka.

Pofuna kulumikiza ndi phunziro la nthaka, ndinanena kuti dothi lokokoloka m'minda mwathu limakadzaza madamu a ku Nkula n'kuchepetsa magetsi. Mtsikana wa kachasu uja anakweza dzanja. "Aphunzitsi, mwadziwa bwanji? Mitsinje yathu imapita ku Chilwa, ndipo Chilwa alibe khomo." Ananena zoona. Dothi lofika ku Nkula ndi la madera amene madzi ake amatsikira mu Shire, monga kuseri kwa phiri la Zomba cha ku Chingale, ku Balaka ndi ku Ntcheu. Lathu limakathera m'nyanja yathu yomwe, n'kumaikwirira pang'onopang'ono. Ndinavomera pamaso pa onse, tinatenga mapu, ndipo tinatsata ndi chala mzere wa mapiri umene umagawa madzi a mbali ziwirizi. Usiku umenewo ndinachedwa kugona ndi chimwemwe.

Epulo, sabata yotsekera

Ndawayesa m'njira ziwiri. Poyamba pakamwa, m'Chichewa, mmodzimmodzi, chinthu chili patsogolo pake: fotokoza chimene chikuchitika apa. Ambiri anachita bwino kwambiri, ngakhale aja amene m'kalasi salankhula. Kenako mafunso omwewo olembedwa m'Chingerezi, monga adzawapezere pa mayeso. Apa ambiri anagwa. Kanjira kaja talambula mbali imodzi yokha.

Nditayang'ana mapepala ndinaona pamene akupunthwa. Mawu athu ena amanyamula katundu wambiri. Shuga m'tiyi amasungunuka, mafuta a nkhumba pamoto amasungunukanso, koma Chingerezi chimati dissolve pa china ndi melt pa chinzake, ndipo wolemba mayeso amafuna usiyanitse. Mphamvu ndi force, ndi energy, ndi power. Mpweya ndi air, ndi gas, nthawi zina oxygen. Mwana akumvetsa chinthucho, koma posankha liwu lachingerezi amangotola lililonse mwa atatuwo. Ena mwa aphunzitsi anzanga akuti ichi ndi chifukwa chake ndikanangoyamba ndi Chingerezi. Sindikugwirizana nawo. Ana amene ankaloweza melt ndi dissolve chaka chatha sankasiyanitsanso, kungoti palibe ankawafunsa. Chofunika n'kupatsa tanthauzo lililonse mawu akeake m'Chichewa momwemo, kusungunuka ndi moto ndi kusungunuka m'madzi, mphamvu yokankha ndi mphamvu yosungidwa, kenako liwu lachingerezi likhale ndi pokhazikika.

Teremu ikubwerayi mphindi 15 zomaliza za tsiku lililonse zikhala za kulemba ziganizo zitatu m'Chingerezi za chimene tachita, ndipo khoma lakumbuyo tilisandutsa la mawu, chithunzi pakati, Chichewa uku Chingerezi uko. Aphunzitsi a Chingerezi a sitandade 6 avomera kumabwera Lachinayi. A PEA, alangizi a sukulu za pulaimale m'zoni yathu, anaona kope lathu la mvula ndipo apempha kuti tikalionetse ku TDC, malo a maphunziro a aphunzitsi, kwa aphunzitsi a sukulu zina za m'zoni.

Zotsala: kubweza themometa ndi dayinamo, kupeza botolo lina poti rula ya pa lakale yafufutika ndi dzuwa, kutchingira mbande ndi minga mbuzi zisanamasulidwe anthu akakolola. Mitu ya teremu yachitatu ndi mame ndi chiperoni, mawu ndi mmene amayendera, magalasi ndi kuwala. Owerenga mvula anafunsa ngati asiye poti mvula yatha. Ndawauza apitirize mmawa uliwonse, ndipo tsiku louma azilemba 0.